Lipoti la nkhani: kusankha matayala ndi nthawi yolowera ku pit mvula itagwa kawiri pa mpikisano wa njinga zamoto wa maola 6

Lipotili likufotokoza zimene timu yathu inachita pa mpikisano wina wa njinga zamoto wa maola 6, pamene mvula inagwa kawiri, koyamba mkati mwa ola lachitatu, kachiwiri kutatsala mphindi zochepa kuti mpikisano uthe. Ine ndinali mkulu wa amakaniko, ndipo udindo woitana wokwera kuti alowe ku pit, malo a m'mbali mwa msewu kumene njinga imaima kuti isinthidwe matayala ndi kuthiridwa mafuta, unali wanga. Sinditchula dzina la bwalo, la timu kapena la munthu aliyense wa mu nkhaniyi. Ndalembera makamaka anzanga amene amakhala pakhoma la pit atagwira wotchi ndi pepala, chifukwa ndaona kuti mvula ikayamba ambiri timangofunsa kuti tayala lothamanga kwambiri pa nthawiyo ndi liti, pamene pa mpikisano wautali yankho la funsoli silikwanira ngati munthu sanayambe wawerengera mafuta amene ali mu thanki ndi maraundi amene atsala.

Mmene tinakonzekera

Njinga yathu inali ya 1000 cc, yokonzedwa kuchokera pa njinga wamba imene aliyense angagule, ndipo thanki yake inali ya malita 24, muyeso umene umatsatidwanso m'mipikisano ikuluikulu ya FIM, bungwe la dziko lonse loyendetsa mipikisano ya njinga zamoto, monga ya ku Le Mans, Bol d'Or ndi Suzuka. Okwera anali atatu osinthanasinthana: wamkulu amene wakhala zaka zambiri m'mipikisano yaitali, wachinyamata amene anali waliwiro kuposa onse komanso wosaopa madzi, ndi wachitatu amene luso lake linali kuyenda mosasinthasintha ndi kusunga mafuta.

Msewu wa pabwaloli ndi wotalika makilomita 4 ndi pang'ono, ndipo makina owerengera nthawi amaugawa zigawo zitatu. Zigawo ziwiri zoyambirira zili poyera pamene mphepo imawomba, koma chachitatu chimatsetsereka kulowa m'chigwa cha mitengo, ndipo ndicho chili kutali kwambiri ndi pit. Kumeneko phula limachedwa kuuma, ndipo pa kona imodzi madzi amayenda mopingasa msewu mvula ikachuluka.

Pamsewu wouma okwera athu ankazungulira raundi imodzi pa mphindi 1 ndi masekondi 45, imene ndizilemba kuti 1:45. Thanki imodzi inkatifikitsa maraundi 30, ndipo kulowa ku pit kamodzi, kuphatikiza kuyenda pa liwiro lololedwa la makilomita 60 pa ola, kusintha mawilo onse awiri, kuthira mafuta ndi kusintha wokwera, kunkatitayitsa masekondi pafupifupi 55. Titawerengera, tinapeza kuti mpikisano wonse ukakhala wouma tidzazungulira maraundi pafupifupi 200, pamene ndime 7 za maraundi 30 (ndime ndi maraundi amene njinga imayenda kuchokera pamene yathiridwa mafuta mpaka kulowanso ku pit) zimapereka 210. Maraundi 10 otsalawo ku timu yathu timawatchula kuti a m'thumba. Tanthauzo lake n'lakuti tikhoza kumuitana wokwera thanki isanathe popanda kuwonjezera ulendo wina wa ku pit, malinga ngati maraundi onse amene tafupikitsa pa ndime zonse sakupitirira 10. Akapitirira, pamafunika ulendo wachisanu ndi chiwiri wongothira mafuta, umene mtengo wake ndi masekondi pafupifupi 40.

Apa m'pamene mpikisano wautali umasiyana ndi MotoGP, mpikisano waufupi koma wapamwamba kwambiri wa njinga zamoto padziko lonse. Kumeneko, kuyambira pamene lamulo lolola kusintha njinga mpikisano uli mkati linakhazikitsidwa mu 2005, n'kugwira ntchito koyamba ku Phillip Island, ku Australia, mu 2006, wokwera amangolowa, kutsika pa njinga ina n'kukwera inzake imene yakonzedwa kale ndi matayala oyenera, masipuling'i ofewetsedwa ndi zina zotero. Ife njinga ndi imodzi, ndipo chilichonse chimene tasintha chimadya nthawi pa wotchi.

Matayala tinali nawo a mitundu iwiri yokha. Osalala, amene aliyense pa ntchitoyi amawatchula kuti slick, alibe mizere ndipo amagwira msewu pokhapokha akatentha, n'chifukwa chake timawasunga m'mabulangete amagetsi pa madigiri 80 mpaka 90. A mvula ali ndi mizere yakuya yotulutsa madzi ndi mphira yofewa kwambiri imene imagwira pa kutentha kochepa. Akayenda pouma, tizidutswa ta mphira ta pakati pa mizere timagwedera, timatentha mopitirira, kenako timayamba kunyenyeka. Tayala la pakatikati pa mitundu iwiriyi tinalibe, ndipo zimenezi si zachilendo, pakuti ngakhale mu MotoGP limene kampani ya matayala ya Michelin inabweretsa mu 2016 linachotsedwa chaka chotsatira. Matayala a mvula omangidwa kale pa mawilo tinali nawo maseti awiri.

Mwayi unalipo wakuti pa tsiku loyeserera mvula inagwa, choncho tinadziwa kuti pamsewu wonyowa bwino matayala a mvula amazungulira pa 1:57 kapena 1:58. Tinagwirizana ndi okwera onse atatu, mpikisano usanayambe, kuti slick ikafika 1:56 mvula ikugwabe, ndiye kuti nthawi yake yatha. Popeza pa mpikisanowu wailesi yolankhulira ndi wokwera siloledwa, uthenga wathu umapita pa chikwangwani chimene timaonetsa pakhoma, ndipo wokwera ali ndi ufulu wolowa yekha ngati waona kuti sangathenso kuilamulira njinga, bola atambasule mwendo wakumanzere podutsa pakhoma raundi imodzi asanalowe kuti mawilo akhale okonzeka.

Chizindikiro choyamba

Ndime ziwiri zoyambirira zinayenda monga tinakonzera. Pa ndime yachitatu wokwera wachitatu ali pa raundi yake ya 18, ndinaona pa sikirini kuti nthawi ya chigawo chachitatu yakwera ndi sekondi imodzi, osati kwa wokwera wathu yekha koma pafupifupi kwa njinga zonse khumi zotsogola. Ku pit kunali kouma ndipo dzuwa linali likuonekabe. Njinga imodzi ikachedwa pa chigawo china, chifukwa chingakhale kuchuluka kwa anzake ochedwa amene ikuwapitirira. Zonse zikachedwa pamodzi, ndiye kuti msewuwo wasintha. Patapita masekondi ochepa, munthu wathu amene tinamuika kuchigwa anatumiza uthenga wakuti oyang'anira m'mbali mwa msewu atulutsa mbendera yoyera ya mtanda wofiira, imene imasonyeza kuti mvula yayamba kudontha pamalopo.

Matimu anayi kapena asanu anaitana okwera awo nthawi yomweyo. Ife mu thanki munali mafuta a maraundi 12, ndipo kulowa pamenepo kukanameza maraundi onse a m'thumba ndi kutiwonjezera ulendo wina. Komanso zigawo ziwiri mwa zitatu zinali zouma, ndipo wokwera wathu ankazungulirabe pa 1:48. Radar, chida choonera mitambo ya mvula ili kutali, inkasonyeza mtambo waukulu ukubwera, koma radar imanena kuti mvula ili m'dera, siinena mphindi imene idzafike pa kona inayake. Ndinalamula kuti chikwangwani chimuuze wokwera kuti apitirize, ndipo amakaniko anatulutsa seti yoyamba ya matayala a mvula n'kuyamba kuifunditsa pang'ono. Matayala amenewa sitiwatenthetsa ngati slick. Timangofuna kuti mphira isakhale yozizira kwambiri pa makona oyambirira, ndipo mpweya wake timauyeza komaliza mawilo atatsala pang'ono kumangidwa.

Mvula ija inangowaza kwa mphindi zoposa khumi osalimba. Amene analowa msanga anayenda maraundi asanu ndi awiri pa matayala a mvula pamsewu umene mbali yaikulu unali wouma, akuzungulira pa 1:52, pamene wathu anali pakati pa 1:48 ndi 1:51. Chimene anataya kwambiri si masekondi amenewo ayi, koma mizere ya matayala awo, imene inali itayamba kale kufupika m'mphepete pamene mvula yeniyeni inafika.

Inafika pa raundi ya 24 ya ndimeyo. Wokwera wathu analemba 1:54, ndipo pa raundi yotsatira chigawo choyamba chokha chinakwera ndi masekondi atatu, kusonyeza kuti raundi yonse idzapitirira 1:56 imene tinagwirizana. Sitinadikire kuti nthawiyo ioneke pa sikirini. Tinaonetsa chikwangwani choti alowe, iyenso anali atatambasula kale mwendo, ndipo analowa pa raundi ya 26. Tinafupikitsa ndimeyo ndi maraundi 4 okha, m'thumba n'kutsala 6.

Pali mfundo imodzi pano imene anzanga ena amatsutsana nane. Amati ndinachedwa ndi raundi imodzi, chifukwa raundi yomaliza pa slick inali 2:03 ndipo wokwera anatsala pang'ono kugwa pa kona ya madzi opingasa ija. N'zoona kuti chikwangwani chimachedwa: wokwera akachiona, amayenera kuzungulira msewu wonse asanafike polowera ku pit, choncho chisankho chilichonse chimagwira ntchito patapita pafupifupi mphindi ziwiri. Komatu kuti alowe raundi imodzi m'mbuyo, ndikanayenera kulamula pamene iye anali akulemba 1:51 ndipo amene anali pa matayala a mvula anali ochedwa kuposa iye. Umboni umene unalipo pa mphindi imeneyo sunkaloleza zimenezo.

Ndime ya mvula

Tinakweza wachinyamata. Pa masekondi ochepa amene njinga imaima palibe nthawi yosintha masipuling'i monga mmene munthu angafunire, choncho makaniko mmodzi anangofewetsa pang'ono kumbuyo potembenuza kasikulu kamene tinakonzeratu, wokwera anasankha yekha pa batani la pachigwiriro dongosolo la injini lochepetsa mphamvu ndi kuletsa wilo lakumbuyo kupota, ndipo nyali yofiira yakumbuyo inayatsidwa monga lamulo limafunira. Mafuta anathiridwa komaliza, injini itazimitsidwa ndiponso ntchito ina yonse itatha.

Wachinyamatayu anayenda bwino kwambiri, pa 1:57, ndipo anadutsa njinga zingapo zimene zinali pa matayala opsa kale aja. Pa raundi yake yachisanu ndi chimodzi njinga ziwiri zinagwa kuchigwa, ndipo akuluakulu a mpikisano anatulutsa ma safety car awiri, magalimoto amene amayenda patsogolo pa njinga kuti zichepetse liwiro, monga amachitira m'mipikisano yaitali. Ena amaganiza kuti safety car ikatuluka ndiye nthawi yabwino yolowa ku pit, koma pa malamulo amenewa potulukira pamatsekedwa mpaka gulu la kumbuyo kwa galimoto yotsatira litadutsa, ndipo timu ina imene inalowa inaima pa nyali yofiira kwa nthawi yaitali matayala akuzizira. Ife tinalibe chifukwa cholowera. Maraundi asanu amenewo anali ochedwa kwambiri, ndipo phindu lake kwa ife linali pawiri: njinga inamwa mafuta ochepa, komanso popeza mpikisanowu ndi wa maola osati wa mtunda, chiwerengero cha maraundi onse oti tidzazungulire chinatsika. Ndinauza wowerengera wathu kuti kuyambira pamenepo, pa raundi iliyonse, azindipatsa nambala imodzi yokha: maraundi amene adzatsale mpaka pamapeto ngati njinga italowa tsopano.

Msewu utayamba kuuma

Chisankho chovuta kwambiri pa tsikulo chinali chochoka pa matayala a mvula, osati chowavala. Mvula ikamayamba, aliyense amaiona ndipo wokwera amaimva m'manja. Ikaleka, msewu umauma mwachinyengo: pamatuluka kanjira kouma kopapatiza pamene njinga zonse zimaponda, kunja kwake kuli konyowabe, ndipo kanjirako kamakula mofulumira poyera koma mochedwa pamthunzi.

Mvula inaleka safety car itangochoka. Pofika raundi ya 15 ya ndimeyo, madzi othovoka kumbuyo kwa njinga anali atachepa pa msewu wowongoka wa patsogolo pathu, ndipo ndinaona wokwera wathu akuchoka pakanjira kouma n'kumaponda dala pamene pali madzi kuti aziziritse matayala. Wokwera akayamba kusakasaka madzi chotero, ndiye kuti tayala lakumbuyo layamba kugwedera pansi pake. Nthawi yake inatsika kufika 1:54 n'kuima pamenepo, chifukwa zimene msewu unkamupatsa pouma, tayala linkamulanda potentha.

Timu ina imene inali kumbuyo kwambiri, yopanda choti itaye, inavala slick pa nthawi imeneyo. Njinga yotereyi ndiyo imatiyesera msewu tonsefe, ndipo ndinasiya kuyang'ana zina zonse n'kumatsata zigawo zake. Raundi yake yoyamba sindinaiwerengere chifukwa wokwera amakhala akufufuza pogwira. Pa yachiwiri anali wofulumira kuposa wathu ndi sekondi imodzi ndi theka pa zigawo ziwiri zoyambirira, koma wochedwa ndi masekondi atatu kuchigwa. Pa yachitatu anafanana ndi wathu pa raundi yonse, ndipo pa yachinayi anamuposa ndi masekondi awiri. Apa tinali pa raundi ya 18, ndipo slick inali itapambana mosakayikitsa.

Pakhoma panali phokoso. Mwini timu anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Akulu, muitaneni mwanayo, tikutaya nthawi." Akanakhala mpikisano waufupi akananena zoona. Pa mpikisano wa MotoGP wa ku Sachsenring, ku Germany, mu 2016, Marc Márquez anapambana chifukwa anachoka pa matayala a mvula n'kupita pa slick anzake otsogola akuzengerezabe, ndipo pa mpikisano wotero amene wazindikira msanga ndiye amadya. Koma nambala ya wowerengera wathu pa raundi ya 18 inali 93. Titatha ulendo umenewu tinkayenera kutsala ndi ndime zitatu, ndipo ndime zitatu za pouma zimapereka maraundi 90 okha. Kulowa pamenepo kukanatipulumutsa ku masekondi ochepa a panthawiyo, n'kutisungira ngongole ya masekondi 40 pa ola lomaliza.

Ndinawerengera kuti kusiyana kwa slick ndi tayala lathu kudzakwera pa raundi iliyonse, mwina masekondi 2, kenako 4, 5 ndi 6, ndipo kuti pa maraundi anayi tidzataya masekondi osapitirira 20. Nambala ija inkatsika ndi raundi imodzi ndi kadontho pa kuzungulira kulikonse. Inafika 90 pa raundi ya 21, koma 90 yeniyeni siisiya mpata wa cholakwa ngakhale chimodzi, monga mafuta osadzaza bwino kapena wokwera wothamanga kuposa mmene tinayerekezera. Tinamulowetsa pa raundi ya 22 nambala ili 88, mu thanki mukadali mafuta a maraundi pafupifupi 11 amene sitinkawafunanso, m'thumba mwatsala 2. Kudikira kupitirira apo kukanakhala kutaya masekondi 6 kapena 7 pa raundi popanda chogula nawo.

Panali chinthu chinanso chimene chinandichititsa kusafulumira, ngakhale kuti pachokha sichikanasintha chisankho. Radar inkasonyeza mtambo wachiwiri kutali, ndipo seti ya mvula inatsala imodzi. Maraundi anayi aja anatipatsa nthawi yoona kuti mtambowo ukuyenda pang'onopang'ono ndipo sufika msanga.

Pa ndime ya slick pamsewu wonyowa mbali tinakweza wamkulu, ngakhale kuti wachinyamata anapempha kuti apitirize. Vuto la ndime yotere si liwiro koma njinga zochedwa: kuti munthu adutse mnzake ayenera kuchoka pakanjira kouma, ndipo slick ikaponda ponyowa njinga itapendekeka imachoka popanda chenjezo. Wamkuluyo amadziwa kudikira makona awiri kapena atatu kuti adutse pamalo oyenera, ndipo amadziwanso kuti slick yochokera m'bulangete imazizira msanga ngati wokwera achita mantha kwambiri pa raundi yoyamba, chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri pa raundi yachiwiri. Raundi yake yoyamba yathunthu inali 1:52, yachinayi inali 1:47. Matimu awiri amene anavala slick maraundi anayi kapena asanu ife tisanatero anatidutsa pa nthawiyo, koma onse awiri anadzalowa kudzathira mafuta pa ola lomaliza ndipo anabwerera kumbuyo kwathu.

Mvula yachiwiri

Ndime yachisanu ndi chimodzi inadutsa popanda chochitika. Pa ndime yomaliza wamkulu anakweranso, ife tili pa nambala 3 m'gulu lathu, a nambala 2 ali patsogolo ndi masekondi 20, a nambala 4 ali kumbuyo ndi masekondi oposa 70. Mtambo uja unafika kutatsala maraundi pafupifupi 6, ndipo ulendo uno unayambira ku chigawo choyamba.

Tsopano mafuta analibenso gawo pa nkhaniyi. Ulendo wa ku pit unali wa matayala okha, mtengo wake masekondi pafupifupi 50 kapena 55 athunthu, ndipo funso linali lakuti matayala a mvula angabweze masekondi amenewo pa maraundi 4 amene akanatsala njinga itatuluka. Kuti atero ankayenera kuposa slick ndi masekondi 13 pa raundi iliyonse. Pa mvula yoyamba ija kusiyana kunafika masekondi 6 okha pa raundi yoipitsitsa tisanalowe. A nambala 2 analowa kutatsala maraundi 5, ndipo ife tinakhala pa nambala 2 ndi mpata wa masekondi 35. Ndinaonetsa wokwera mpatawo ndi maraundi otsala, osamulamula chilichonse, ndipo iye sanatambasule mwendo.

Ambiri amakumbukira zimene Brad Binder anachita pa mpikisano wa MotoGP wa ku Red Bull Ring, ku Austria, mu 2021, pamene otsogola anzake analowa kukasintha njinga kutatsala maraundi atatu iye n'kupitiriza pa slick mpaka kupambana. Chimene amaiwala n'chakuti pa mpikisano womwewo okwera ena angapo amene anakhalanso pa slick anadutsidwa pa raundi yomaliza ndi amene anavala matayala a mvula. Slick pamadzi siichedwa mofanana pa raundi iliyonse. Ikangozizira, kuchedwa kwake kumakula mofulumira, chifukwa wokwera akachepetsa liwiro tayala limazizirabe, ndipo likazizira iye amakakamizika kuchepetsanso.

Ndi zimene zinatichitikira. A nambala 2 aja anabweza masekondi 5 pa raundi yawo yotulukira, 9 pa yotsatira, 12 pa inayo, ndipo pa raundi yomaliza, mvula italimba kuchigwa, wokwera wathu analemba 2:13 iwo ali pa 1:58. Anamudutsa kutatsala makona atatu ndipo anatiposa ndi masekondi 6. A nambala 4, amenenso anakhala pa slick, anagwa kuchigwa pa raundi yomaliza koma wokwera wawo sanavulale. Tinamaliza pa nambala 3.

Tikadalowa pamodzi ndi a nambala 2, tikadamalizanso pa nambala 3, chifukwa mpata wa masekondi 20 umene anali nawo sukanasintha ndipo a kumbuyo sakanatipeza. Choncho kukhala panja sikunatitayitse malo, kunangotipatsa mwayi wa nambala 2 umene unatiphonya ndi masekondi ochepa. Funso limene latsala n'lakuti mwayi umenewo unali woyenera chiopsezo chimene wokwera anasenza pa maraundi awiri omaliza. Iye atatsika ananena kuti pa raundi yomaliza sankathanso kugwira buleki yakutsogolo mwamphamvu ngakhale njinga ili chilili, ndipo kuti akanadziwa kuti mvula ilimba chotero akanalowa kutatsala maraundi 5, koma pamene anazindikira, kulowa kunalibenso phindu. Maganizo anga ndi akuti chisankhocho chinali chololeka kwa wokwera ameneyu yekha, ndipo ndikanakhala ndi wachinyamata pa njinga ndikanamulamula kuti alowe.

Zimene tinapeza pambuyo pake

Titayang'ana seti ya mvula imene inayenda maraundi 22, tayala lakumbuyo linali litanyenyeka pakati ndi mbali yakumanja, mizere itafupika kuposa theka, pamene lakutsogolo linali ndi moyo wokwanira maraundi ena ambiri. Katswiri wa kampani ya matayala anati kuwonongeka kwakukulu kunachitika pa maraundi asanu ndi limodzi omaliza, ndipo anatilangiza kuti tikayembekezera kuti msewu uuma mkati mwa ndime tiziyamba ndi mpweya wotsikirapo pang'ono kumbuyo, popeza kutentha kumaukweza wokha. Langizo limeneli tikuliyesabe, chifukwa mpweya wotsika umapangitsanso mizere kutsekeka pang'ono pamene tayala laponda, zimene sizabwino pamadzi ochuluka.

Pa kawerengedwe tinasintha zinthu ziwiri. Nambala ya maraundi otsala ngati njinga italowa tsopano imalembedwa pa raundi iliyonse kuyambira pachiyambi cha mpikisano, osati mvula ikayamba, ndipo mwini timu amaiona pamodzi ndi ine kuti mkangano wa pakhoma uzikhala pa nambala imodzi. Chachiwiri, pa mvula ya kumapeto sitigwiritsanso ntchito kusiyana kwa masekondi kumene tikuona pa nthawiyo kuchulukitsa ndi maraundi otsala. Timaganiza kuti kusiyanako kudzakwera ndi masekondi osachepera atatu pa raundi iliyonse mvula ikapitirira, ndipo timawerengera njira zonse ziwiri, ya mvula yoleka ndi ya mvula yolimba, chikwangwani chisanatuluke. Tikanawerengera chotero pa tsikulo, njira ya mvula yolimba ikanasonyeza kuti mpata wa masekondi 35 utha pa raundi yomaliza yeniyeni, ndipo njira ya mvula yoleka ikanasonyeza kuti tipambana a nambala 2 ndi masekondi oposa 15. Tinagwirizananso ndi okwera kuti slick ikapitirira 2:08 pa bwalo limeneli, kaya kwatsala maraundi angati, chikwangwani chidzawalamula kuti alowe, ndipo wamkulu uja anavomera malirewo pokhapokha titamulonjeza kuti pa raundi yomaliza yokha chisankho chidzakhalabe chake.